Chenjezo likanyalanyazidwa: mmene ngozi za pa roller coaster ndi makina ena a zisangalalo zimachitikira

Masana a pa 2 Juni 2015, pa malo a zisangalalo a Alton Towers m'chigawo cha Staffordshire ku England, anthu 16 anakhala m'bogi ya makina otchedwa The Smiler atamangidwa bwinobwino m'mipando yawo. Bogiyo itafika pamwamba pa chitunda choyamba inaima yokha, chifukwa kompyuta yoyang'anira makinawo inazindikira kuti kutsogolo pa njanji kunali bogi ina imene inali isanafike kumene inkapita. Kompyutayo inagwira ndendende ntchito imene anaipangira. Patadutsa mphindi zingapo anthu anailamula kuti ifufute chenjezo lakelo, bogi ya anthu 16 ija inatsetsereka ndi liwiro lake lonse, ndipo inakawomba bogi yopanda anthu imene inali itaima m'chigwa cha njanjiyo. Anthu asanu anavulala modetsa nkhawa, ndipo atsikana awiri amene anakhala pa mzere wakutsogolo anadulidwa mwendo aliyense.

Nkhani yotere ikamveka, ambirife timafulumira kunena kuti makina ndiwo alephera, popeza chinthu chimene chimatembenuza anthu chadodolido m'mwamba pa liwiro la galimoto chimaoneka choopsa ngakhale kwa woonerera chabe. Koma munthu akawerenga malipoti a ofufuza ngozi ndi zigamulo za makhoti amapeza chinthu chimodzi chikubwerezabwereza ku England, ku Australia, ku Japan ndi ku America. Makina amenewa amakonzedwa m'njira yakuti chinthu chimodzi chikawonongeka pasafe munthu, ndipo imfa imafika pamene chitetezo chachiwiri kapena chachitatu chachotsedwa ndi manja a anthu, kawirikawiri anthu amene ali pa chipsinjo chakuti makina asaime pamene mzere wa olipira ukutalika. Kuti zimenezi zimveke bwino, pafunika kuyamba taona mmene makinawo amayendera.

Roller coaster ndi kasitima koyenda pa njanji yokwera, yotsika, yokhota ndi yotembenuzika, ndipo owerenga amene anafikapo ku Gold Reef City mumzinda wa Johannesburg anaionapo ndi maso awo. Chodabwitsa kwa munthu amene akuiona koyamba n'chakuti mabogi ake alibe injini. Pa mitundu yambiri, tcheni chachitali chimakokera sitimayo pamwamba pa chitunda choyamba, ndipo kuchokera pamenepo chimene chimaiyendetsa ndi kulemera kwake kokha, monga mmene njinga imathamangira pamtsetse munthu osapalasa. Phokoso lakuti "kha, kha, kha" limene okwera amamva pokwera chitundacho ndi la kachitsulo kooneka ngati dzino, kamene kali kunsi kwa bogi ndipo kamadumpha pa mano a chitsulo china chomangidwa pa njanji. Tcheni chikaduka, dzinolo limakodwa ndipo sitima imaima pomwepo. Kufunika kwake kunaoneka momvetsa chisoni pa 30 Meyi 1972 ku Battersea Park mu London, pamene sitima ya Big Dipper inalekana ndi chingwe chokokera, chotchinga kubwerera m'mbuyo sichinagwire, ndipo sitimayo inathamanga chafutambuyo n'kupha ana asanu.

Magudumu akenso ndi osiyana ndi a sitima wamba. Ena amayenda pamwamba pa njanji, ena m'mbali mwake, ena kunsi kwake, moti njanjiyo imakhala ngati yafumbatidwa ndipo bogi singanyamuke ngakhale itatembenuzika. Magudumu a kunsiwa anawalembetsa ngati luso lake ndi injiniya wa ku America John Miller mu 1919, ndipo ndi amene anatsegula njira ya zitunda zazitali ndi zotsetsereka kwambiri zimene tikuziona lero. Mabuleki ambiri amakhala otseka nthawi zonse, ndipo amatseguka pokhapokha mpweya wopopedwa ukawakankha, kotero kuti magetsi akazima kapena paipi ya mpweya ikaphulika amatseka okha. Ena ndi a maginito, amene amachepetsa liwiro popanda kukhudza chilichonse ndiponso popanda kufuna magetsi. N'chifukwa chake zithunzi zimene zimafala pa intaneti za anthu atakakamira pamwamba pa chitunda, sitima itaima, nthawi zambiri sizisonyeza ngozi ayi; zimasonyeza chitetezo chikugwira ntchito, ngakhale kuti kwa amene ali m'mwambamo mphindi iliyonse imakhala yaitali.

Chitetezo chachikulu kuposa zonsezi anachitengera ku njanji za sitima zenizeni. Njanji yonse imagawidwa m'zigawo, ndipo lamulo lake ndi limodzi: m'chigawo chimodzi musapezeke masitima awiri pa nthawi imodzi. Kumapeto kwa chigawo chilichonse kumakhala malo amene sitima ingaimitsidwe, kaya pa mabuleki kaya pa tcheni chokwezera, ndipo timasensa tomangidwa m'mbali mwa njanji timauza kompyuta kuti sitima yalowa kapena yatuluka. Sitima ikalowa m'chigawo koma osatulukamo, kompyuta imagwira imene ikubwera pambuyo mpaka chigawocho chiyere. Komabe, pofuna kuti okonza makina azitha kusuntha mabogi pa nthawi yokonza, pamakhala njira yakuti munthu wokhala ndi kiyi auze kompyuta kuti chigawocho mulibe kanthu. Pa khomo laling'ono limeneli m'pamene panalowera ngozi ya ku Alton Towers.

The Smiler inapangidwa ndi kampani ya ku Germany yotchedwa Gerstlauer, inatsegulidwa mu 2013, ndipo imatembenuza okwera ka 14 asanatsike. Tsiku la ngoziyo kunali mphepo yamphamvu. Buku la malangizo la opanga makinawo linkaletsa kuwayendetsa mphepo ikapitirira makilomita pafupifupi 55 pa ola, koma khoti linamva kuti tsikulo inkawomba mpaka kuposa makilomita 70 pa ola. Mabogi anayi ndi amene ankanyamula anthu, ndipo makinawo ataima chifukwa cha vuto lina laling'ono, ogwira ntchito anapezerapo mpata wowonjezera bogi yachisanu kuti mzere uziyenda msanga. Kenako anatumiza bogi yopanda anthu kuti iyese njanji. Popeza inali yopepuka ndipo inkalimbana ndi mphepo, inalephera kukwera pa malo ena okhota, inabwerera, n'kuima m'chigwa. Bogi ya anthu itatumizidwa pambuyo pake, kompyuta inaigwira pamwamba pa chitunda.

Mainjiniya amene anatenga vutoli sankadziwa kuti pa njanji pali bogi yachisanu. Anawerenga anayi amene ankawadziwa, anawapeza onse, ndipo anakhulupirira kuti kompyuta ikuona chinthu chimene kulibe. Bogi yoimayo inkaoneka pa makamera a m'chipinda choyendetsera makina, koma panalibe ndondomeko yolembedwa yokakamiza aliyense kuti ayang'ane njanji yonse kapena atsimikize chiwerengero cha mabogi asanafufute chenjezo, ndiponso panalibe lamulo lakuti anthu ayambe atsitsidwa. Loya wa boma anauza khoti kuti mphamvu ya kuwombanako inali yofanana ndi ya galimoto yolemera tani imodzi ndi theka itawomba chinthu pa liwiro la makilomita pafupifupi 145 pa ola. Mabogi awiriwo analumana, miyendo ya okhala kutsogolo inapanikizika pakati pa zitsulo, ndipo opulumutsa anatenga maola oposa anayi kuti atsitse onse, chifukwa pamalopo panali m'mwamba ndipo panafunika kumanga pokwerera.

Kampani ya Merlin, mwini wake wa malowo, inalengeza poyamba kuti ngoziyo inachitika chifukwa cha kulakwitsa kwa anthu ogwira ntchito. Mu Seputembala 2016, ku Stafford Crown Court, woweruza Michael Chambers anakana maganizo amenewa, ndipo ananena kuti gwero la vutolo linali kusowa kwa ndondomeko yoganiziridwa bwino, osati anthu amene ankayesetsa mmene akanathera ndi ndondomeko yoperewera imene anapatsidwa. Khotilo linamvanso kuti mabonasi ena ankadalira kuchepa kwa nthawi imene makina aima. Kampaniyo inalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 5 miliyoni. Ine ndikuona kuti kusiyanitsa kumene woweruzayu anachita ndi mtima wa nkhani yonseyi. Kuloza chala injiniya mmodzi n'kosavuta ndiponso n'kotchipa, chifukwa amachotsedwa ntchito, wina amalembedwa, ndipo zonse zimapitirira monga kale. Koma ngati munthu wanzeru zake, wophunzitsidwa ntchito, angathe kufufuta chenjezo loona popanda chilichonse chomuletsa, ndiye kuti wolowa m'malo mwake adzachitanso chimodzimodzi tsiku lina la mphepo.

Umboni wa mfundo imeneyi unapezeka mwezi wotsatira chigamulocho ku Dreamworld, mumzinda wa Gold Coast m'boma la Queensland ku Australia, pa makina amene palibe amene ankawaopa. Thunder River Rapids inali mtsinje wochita kupanga, umene anthu asanu ndi mmodzi ankayendamo m'bwato lozungulira, ndipo mabanja ankakwera ndi ana aang'ono. Madzi ake ankayendetsedwa ndi mapampu awiri akuluakulu. Kumapeto kwa ulendo, lamba wamatabwa ankanyamula bwato lililonse kulikweza pa malo otsikira. Pa 25 Okutobala 2016 pampu imodzi inazima, madzi anatsika mofulumira, ndipo bwato lopanda anthu linakhala pa zitsulo zochirikiza pafupi ndi pamene lambayo amathera. Lambayo sanaime. Pasanathe mphindi imodzi anabweretsa bwato la anthu asanu ndi mmodzi, limene linagunda loyambalo, linaimirira chilili, n'kukokeredwa mu mpata wa pakati pa lamba ndi zitsulo zija. Akuluakulu anayi anafera pomwepo, ndipo ana awiri anapulumuka.

Timati tsoka silinunkha, koma limeneli linanunkha kwa zaka 15. Mu 2001, pa malo omwewo, mabwato opanda anthu anagundana ndipo lina linatembenuzika. Mu 2014 mabwato anagundananso pa lamba yemweyo anthu ali momwemo, ndipo chimene chinachitika n'chakuti woyendetsa makina wa tsikulo anachotsedwa ntchito, makinawo n'kutsala mmene analili. Pa tsiku la ngozi pampu yomweyo inali itazima kale kawiri, ndipo ulendo uliwonse ankangoiyatsanso. Panalibe sensa yoyeza kuchuluka kwa madzi imene ikanaimitsa lambayo yokha. Oyendetsa makina ankadziwa kuti madzi atsika poyang'ana mzere wa ndere ndi litsiro umene madziwo anasiya pa khoma. Ndikaganizira khoma limenelo ndimaona ngozi yonse m'chithunzi chimodzi: malo olandira alendo miyandamiyanda pa chaka, amene miyoyo ya okwera inkadalira diso la munthu wotanganidwa loyang'ana banga la pa simenti. Matabwa ena a lambayo anali atachotsedwa zaka zam'mbuyo, zimene zinasiya mipata ikuluikulu. Mtsikana amene anali pa malo otsikira anali ataphunzitsidwa ntchito ya pamalopo m'mawa womwewo, ndipo batani loimitsa lamba m'masekondi awiri linali pafupi naye, koma sanaphunzitsidwe mokwanira za ntchito yake. Batani la pa malo a woyendetsa wamkulu linkatenga masekondi pafupifupi asanu ndi atatu kuti lamba aime.

Woweruza wofufuza za imfazi, James McDougall, anatulutsa lipoti lake mu Febuluwale 2020, ndipo anapeza kuti pa zaka 30 kuchokera pamene makinawo anatsegulidwa mu 1986, panalibe injiniya woyenerera amene anawaunika onse bwinobwino kuti aone zimene zingavulaze anthu, ngakhale kuti anasinthidwa kangapo. Chaka chomwecho kampani ya Ardent Leisure, mwini wake wa Dreamworld, inavomera milandu itatu, ndipo mu Seputembala inalipitsidwa madola a ku Australia 3.6 miliyoni. Boma la Queensland linali litakhazikitsa kale, mu 2017, lamulo lakuti kupha munthu chifukwa cha kunyalanyaza chitetezo pa ntchito ukhale mlandu waukulu paokha. Mtsinje wochita kupangawo sunatsegulidwenso, ndipo anaugwetsa.

Zomangira anthu m'mipando nazonso zili ndi masensa, ndipo makina sayenera kunyamuka ngati mpando uliwonse sunasonyeze kuti wakhomeka. Pa 24 Malichi 2022 ku ICON Park mumzinda wa Orlando m'boma la Florida ku America, mnyamata wa zaka 14 anagwa pa Orlando FreeFall, nsanja yotalika mamita pafupifupi 130 imene inkakweza anthu pamwamba n'kuwagwetsa mwadala mpaka maginito atawagwira chakumunsi. Ofufuza anapeza kuti masensa a mipando iwiri anasunthidwa ndi manja kuti chomangira cha pamapewa chizioneka chokhomeka ngakhale chitasiya mpata pafupifupi kuwirikiza kawiri umene unkafunika, n'cholinga chakuti anthu a matupi aakulu azikwanamo. Mnyamatayo ankalemera kuposa makilogalamu 130 amene opanga makinawo anaika ngati malire. Nyali zonse zinayaka zosonyeza kuti zili bwino, ndipo pamene mabuleki anagwira iye anapulumukira pa mpatawo. Miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyo mwake, ku Glenwood Caverns m'boma la Colorado, mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi anakhala pamwamba pa malamba amene anali okhomeka kuchokera pa ulendo wapitawo. Makina anachenjeza kuti lamba wa mpando umenewo ali ndi vuto, oyendetsa sanamvetse tanthauzo la chenjezolo, analifufuta, ndipo mwanayo anagwa mamita oposa 30.

Pali ngozi zina zimene chitsulo chimathyokadi, ndipo apa munthu angaganize kuti palibe wolakwa. Aliyense amene anadulapo waya popanda pulayala amadziwa kuti ukamaupinda uku ndi uku pa malo amodzi umayamba kutentha, kenako umaduka, ngakhale kuti kupinda kamodzi sikungauchite kanthu. Zitsulo za roller coaster zimapindika pang'ono chotero nthawi iliyonse imene sitima yadutsa, kambirimbiri pa tsiku, kwa zaka zambiri. Mng'alu umayamba waung'ono kwambiri moti maso sangauone, makamaka pa malo owotcherera kapena pa mazinga a bawuti, ndipo umakula mwakachetechete mpaka chitsulo chotsala chitalephera kunyamula katundu. Akatswiri amati chitsulo chatopa. Njira zopezera mng'alu wotere zilipo ndipo n'zodziwika: amathira utoto wolowerera m'ming'alu, amagwiritsa ntchito maginito ndi ufa wachitsulo, kapena amatumiza mafunde a phokoso m'kati mwa chitsulo n'kumvetsera mmene akubwererera. Vuto lake n'lakuti zonsezi zimafuna kuimitsa makina ndi kuwamasula, zimene zimadya nthawi ndi ndalama.

Ku Expoland, pafupi ndi mzinda wa Osaka ku Japan, ekiselo ya bogi ina ya Fujin Raijin II inathyoka pa 5 Meyi 2007, tsiku limene dzikolo limakondwerera ana. Bogiyo inapendekera kumbali, ndipo mtsikana wa zaka 19 anamwalira. Ekiseloyo inali isanasinthidwepo kuchokera pamene makinawo anatsegulidwa mu 1992, ndipo ntchito yomasula ndi kuyeza mabogi, imene inkachitika kumayambiriro kwa chaka chilichonse, chaka chimenecho anaikankhira kutsogolo kuti ichitike nyengo ya tchuthi ikadutsa. Ku chionetsero cha boma la Ohio mumzinda wa Columbus ku America, pa 26 Julayi 2017, mzere wa mipando unathothoka pa Fire Ball, katungwe wamkulu wachitsulo amene amazunguliranso akamagwedezeka, ndipo mnyamata wa zaka 18 anamwalira, anthu ena asanu ndi awiri n'kuvulala. Makinawo anali atayenderedwa ndi kuvomerezedwa tsiku lomwelo. Kampani ya ku Netherlands imene inawapanga, KMG, inapeza kuti dzimbiri linadya mkono wonyamula mipando kuchokera m'kati, kumene woyendera wongoyang'ana kunja sakanaona, mpaka khoma la chitsulocho linapyapyala kwambiri pa zaka 18 zimene makinawo anagwira ntchito. Ngozi ya ku Gröna Lund mumzinda wa Stockholm, pa 25 Juni 2023, inaonetsa mbali ina: chitsulo chimene chinathyoka pa Jetline, n'kupha mayi mmodzi ndi kuvulaza anthu asanu ndi anayi, sichinali chakale ayi. Chinali cholowa m'malo mwa chakale, chimene anaitanitsa mu 2019, ndipo bungwe la boma la Sweden lofufuza ngozi linapeza kuti chinawotchereredwa moperewera, komanso kuti oitanitsawo sanafotokoze mokwanira mmene chinayenera kupangidwira ndipo sanachiyeze mokwanira chitafika.

Funso limene limatsala ndi lakuti ndani amayang'anira eni malowa. Malamulo a kapangidwe alipo ndipo ndi okhwima: ku Ulaya amatsatira EN 13814, ndipo ku America amatsatira miyezo yolembedwa ndi komiti ya ASTM F24. Kusiyana kuli pa amene amaonetsetsa kuti miyezoyo ikutsatidwa. Ku Germany makina amayezedwa ndi mabungwe oima paokha monga TÜV. Ku Britain amayezedwa chaka ndi chaka ndi oyendera ovomerezeka pansi pa ndondomeko ya ADIPS, ndipo bungwe la boma la Health and Safety Executive ndi limene limafufuza ngozi ndi kutengera olakwa kukhoti, monga linachitira ndi Merlin. Ku America zinthu n'zosokonezeka, chifukwa mu 1981 nyumba ya malamulo inachotsera bungwe la Consumer Product Safety Commission mphamvu yoyang'anira makina okhazikika pa malo amodzi, n'kulisiyira okhawo oyenda nawo m'zionetsero. Kuyambira pamenepo boma lililonse laling'ono limadzipangira malamulo ake, ndipo ku Ohio ndi ku Florida ntchitoyi ili m'manja mwa dipatimenti ya zaulimi. Ku Florida komweko, malo aakulu okhala ndi antchito oposa 1,000 ndi oyendera awoawo, monga Disney World ndi Universal, sayenderedwa ndi boma. Ku Kansas, kumene mnyamata wa zaka 10 anafera pa 7 Ogasiti 2016 pa Verrückt, motsetsereka ndi madzi motalika mamita 51, malamulo a nthawiyo ankasiyira eni malo udindo wopeza okha owayendera, ndipo anawakhwimitsa chaka chotsatira. Ku Ohio ndi ku Florida nakonso malamulo atsopano anadza pambuyo pa maliro, ndipo onse awiri amatchedwa ndi mayina a anyamata amene anafa.

Chilungamo chimafuna kuti tinenenso kuti ngozi zimenezi n'zosowa kwambiri. Bungwe la eni malo a zisangalalo la IAAPA limanena kuti ku America kuvulala kwakukulu pa makina okhazikika kumachitika kamodzi pa maulendo oposa 15 miliyoni, ndipo ngakhale kuti chiwerengerochi chimachokera kwa eni malondawo, n'zoona kuti ulendo wa pamsewu wopita ku malowo ndi woopsa kuposa kukwera makinawo. N'zoonanso kuti imfa zina zimabwera chifukwa cha okwera eni ake, monga bambo amene mu 2015 anadumpha mpanda pa malo a zisangalalo a Cedar Point ku Ohio kuti akatole foni imene inagwa, n'kuwombedwa ndi sitima ya Raptor, kapena chifukwa cha matenda a mtima amene munthu sankadziwa kuti ali nawo. Malire a msinkhu ndi kulemera amene amalembedwa pa khomo amachokera pa kukula kwa mpando ndi chomangira chake, ndipo kholo limene likuchonderera kuti mwana wamfupi alowetsedwe likupempha chinthu chimene silikuchimvetsa. Komabe kusowa kwa ngozi kuli ndi msampha wake. Makina amene ayenda zaka 30 osapha munthu amachititsa eni ake kukhulupirira kuti ndi abwino, pamene mwina anali kungopulumuka, ndipo wokwera, amene wamangidwa mumpando ndi kupereka moyo wake wonse m'manja mwa ena, alibe njira yodziwira ngati ekiselo ya pansi pake inayezedwa kapena ngati sensa ya mpando wake inasunthidwa.

Nthawi zina chimene oyendera sanachione chimaonedwa ndi mlendo. Pa 30 Juni 2023 pa malo a zisangalalo a Carowinds, pa malire a maboma a North Carolina ndi South Carolina ku America, bambo wina amene anabwera ndi ana anakweza maso n'kuona kuti mzati wina wochirikiza Fury 325, roller coaster yotalika mamita 99, unali utang'ambika chakumtunda kuchokera mbali ina mpaka ina. Anajambula ndi foni yake sitima yodzaza anthu ikudutsa pamenepo, mbali ya kumtunda ya mzatiwo ikusuntha n'kubwerera, ndipo anadziwitsa ogwira ntchito pamalopo ndi ozimitsa moto. Makinawo anaimitsidwa tsiku lomwelo popanda wovulala, chifukwa mizati yoyandikana nawo inanyamula katundu amene wong'ambikawo unasiya. Akuluakulu a dipatimenti ya zantchito ya North Carolina ananena kuti zithunzi zojambulidwa m'mbuyomo zinkaonetsa mng'aluwo utayamba kale kuoneka masiku angapo, pamene makinawo ankayenderedwa tsiku lililonse. Mzatiwo unasinthidwa, njira zoyendera anaziwonjezera kuphatikizapo kugwiritsa ntchito ma drone, tindege topanda woyendetsa m'kati, oona malo ovuta kufikako, ndipo Fury 325 inayambanso kunyamula anthu mu Ogasiti chaka chomwecho.